ULENDO SUTHERA PA DOKO

Anthu akamakamba za chitukuko cha Chigawo cha Kumpoto, nkhani imene imayamba kutuluka ndi ya misewu, ndipo pambuyo pake pamadza nkhani ya sitima za pa nyanja. Koma pakati pa nkhani ziwirizi pali ina yachitatu imene kawirikawiri imasowa mwini wake. Nkhaniyo ndi iyi: munthu akatsika m'sitima pa doko la Nkhata Bay, kodi amafika bwanji kumene akupita? Kwa munthu amene ali ndi galimoto yakeyake funso limeneli ndi laling'ono. Komatu kwa mphunzitsi amene wasamutsidwa kuchoka pa chilumba cha Likoma kupita ku sukulu ya ku Embangweni, kwa mayi wa usipa amene afuna kukagulitsa pa msika wa pa Jenda, ndiponso kwa mlendo wochokera kunja amene ndege yake inyamuka m'mawa mwake pa bwalo la Kamuzu ku Lumbadzi, pamenepo ndi pamene pagona ulendo wonse.

Mfundo imene iyenera kumveka bwino ndi yakuti doko si mathero a ulendo. Doko lili ngati chipata cha mudzi, ndipo ubwino wake umadziwika ndi njira imene yachoka pamenepo. Boma latha ndalama zambiri pokonza misewu ya m'chigawochi, ndipo ntchito imeneyo iyenera kuyamikiridwa ndi munthu aliyense woona bwino. Chimene chatsala si phula lokha iai. Chatsala ndi kugwirizanitsa sitima, galimoto ndi nthawi, kuti munthu wa ku Mzimba aleke kuyesa nyanja ngati chuma cha anthu ena.

Mtunda ndi mapiri

Munthu akayang'ana pa mapu adzaona kuti tauni ya Mzimba siili kutali ndi nyanja. Poyesa molunjika kuchokera pa boma kufika ku gombe la Chintheche sipakwana makilomita 70. Koma pakati pa malo awiriwa pagona mapiri a Viphya. Madzi a nyanja ya Malawi ali pa mamita pafupifupi 470 pamwamba pa nyanja yamchere, mzinda wa Mzuzu uli pa mamita oposa 1,200, ndipo zitunda za Viphya zimaposa pamenepo. Chakum'mawa mapiriwa amatsetsereka mwadzidzidzi, ali ndi zigwa zakuya ndi mitsinje yambiri, ndipo mvula imagwa yochuluka. Kaamba ka ichi palibe msewu wa phula wolunjika wochokera ku Mzimba kutsikira kunyanja.

Chotero wapaulendo amazungulira. Akachoka pa doko la Nkhata Bay amakwera mtunda wa makilomita pafupifupi 47 pa msewu wa M5, kudutsa dambo la Limphasa ndi pa Mpamba, mpaka kulowa mu Mzuzu. Kumeneko amatembenukira kumwera pa msewu wa M1, napyola nkhalango ya Chikangawa, kufikira pa mphambano pamene pachoka msewu wolowa m'tauni ya Mzimba. Gawo limeneli lokha ndi la makilomita pafupifupi 100. Wopita kumwera kwa bomali akafika pa mphambanoyo ulendo ukadalipo, pakuti ayenera kupitirira makilomita ena oposa 40 kuti afike pa Jenda, pa malire a dziko lino ndi Zambia, ndipo akatsika pamenepo ayambenso kufunafuna galimoto yolowera ku Embangweni ndi midzi ya kumeneko.

Anthu amene nkhaniyi ikuwakhudza si ochepa. Mzimba ndilo boma lalikulu kuposa maboma onse a m'Malawi poyesa kukula kwa malo, ndipo kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu oposa 900,000 m'bomalo, osawerengerako a mu mzinda wa Mzuzu. Kwa anthu onsewa doko lalikulu lapafupi ndi la Nkhata Bay.

Njira ya atengatenga

Njira yochoka kunyanja kukwera ku Mzimba si yachilendo. Sitima yoyamba ya dzina la Ilala inalowa m'nyanja m'chaka cha 1875 ndi amishoni a Livingstonia, itanyamulidwa zidutswazidutswa pa mitu ya anthu mazanamazana polambalala mathithi a mtsinje wa Shire. M'chaka cha 1881 mishoni inasamuka ku Cape Maclear kupita ku Bandawe, ndipo kuchokera pa gombe limenelo Dr. Robert Laws ndi mlaliki William Koyi, Mxhosa wochokera ku sukulu ya Lovedale, ankakwera mapiri kukaonana ndi Angoni a Inkosi M'mbelwa. Koyi anakhazikika pa Njuyu mu 1882. Pambuyo pake inatsegulidwa mishoni ya Ekwendeni mu 1889, ndi ya Loudon ku Embangweni mu 1902 pansi pa Donald Fraser. Mabuku, mankhwala, nsalu ndi zipangizo za malo amenewa zinkabwera pa sitima, ndipo zikatsika pa gombe ntchito inali itangoyamba kumene, pakuti zinkakwera Viphya pa mitu ya atengatenga. Anthu a masiku amenewo sankaiwala kuti sitima ikakocheza katundu sanafike.

Pamene anabwera magalimoto njira inasintha. Likulu la Chigawo cha Kumpoto linali ku Mzimba, koma m'zaka za m'ma 1950 linasamukira ku Mzuzu, malo amene anakula chifukwa cha munda wa mitengo ya tung umene bungwe la Colonial Development Corporation linatsegula chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Mzuzu inakhala mzinda mu 1985, ndipo misewu ikuluikulu yonse ya m'chigawochi inakumana kumeneko. Panalinso nthawi imene zinaoneka ngati mapiri ndi nyanja zilumikizana mwachindunji. Kuyambira mu 1964 Boma linabzala mitengo ya paini pa Viphya, pa malo okwana mahekitala pafupifupi 53,000, ndi cholinga chakuti idzadyetse fakitale yopanga zopangira mapepala kufupi ndi Chintheche. Fakitaleyo siinamangidwe, ndipo matabwa a Chikangawa anatsata msewu wa M1 m'malo motsikira kunyanja.

Phunziro la pa Chipoka

Dziko lino linadziwapo kale kulumikiza madzi ndi mtunda. M'chaka cha 1935, chaka chomwe unatsegulidwa mlatho wa pa Zambezi, njanji inafika pa Chipoka ndi ku Salima. Sitima ya Ilala imene anthu aidziwa lero inapangidwa ku Scotland mu 1949 ndi kampani ya Yarrow, inabwera zidutswazidutswa, inalumikizidwa ku Monkey Bay, niyamba ntchito mu 1951. Mwini wake anali kampani ya njanji ya Nyasaland Railways. Ichi chitanthauza kuti sitima ya pamadzi ndi sitima ya pamtunda zinali m'dzanja limodzi, ndipo munthu wotsika pa Chipoka ankapeza njanji pa doko pomwepo yomutengera ku Blantyre ndi ku Limbe.

Kumpoto njanji siinafike. Chimene chinalipo ndi mabasi a kampani imodzi yaikulu, imene poyamba inali Nyasaland Transport Company, kenaka United Transport Malawi, kenaka Stagecoach, ndipo potsiriza Shire Bus Lines. Mabasi amenewo anali ndi zofooka zake, ndipo achikulire amakumbukira kuchedwa kwake ndi kuthithikana kwake, komabe anali ndi nthawi yolembedwa ndi mtengo wolembedwa. Kampaniyo itatha m'zaka za m'ma 2000, ntchito yonyamula anthu m'maulendo afupiafupi inagwera maminibasi ndi magalimoto a matola, amene lamulo lake ndi limodzi: kunyamuka pokhapokha atadzaza. Mu 2010 Boma linapereka ntchito yoyendetsa sitima za pa nyanja m'manja mwa kampani ya Mota-Engil. Zinthu zinagawika motere: oyendetsa sitima ndi ena, osamala misewu ndi ena, madepoti ali m'manja mwa makhonsolo, ndipo magalimoto ali m'manja mwa eni ake. Aliyense amayang'ana gawo lake, ndipo malo amene magawowo amakumanirana alibe woyang'anira.

Mmene achitira maiko ena

M'maiko amene amalandira sitima zikuluzikulu zonyamula alendo okaona malo, nkhani yotulutsa anthu pa doko amaiyesa ntchito yofunika yofanana ndi kukocheza sitima komwe. Mzinda wa Rome ku Italy suli m'mphepete mwa nyanja. Sitima za alendo zimakocheza pa doko la Civitavecchia, mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera mu mzindawo. Koma mlendo akatsika amapeza basi yomuchotsa pa sitima kumufikitsa pa chipata cha doko, ndipo pafupi pomwepo pali njanji imene imamufikitsa mu Rome patapita ola limodzi kapena kuposerapo pang'ono. Ku Durban, mzinda umene amuna ambiri a ku Mzimba aumva kapena kuuona pa maulendo awo a ku South Africa, bwalo la ndege la King Shaka, limene linatsegulidwa mu 2010, lili pa makilomita oposa 30 kuchokera pa doko, ndipo mlendo akhoza kupangana za galimoto yomutenga asanatsike n'komwe.

Palibe amene anganene kuti Nkhata Bay ifanane ndi madoko amenewo. Ilala ndi sitima ya anthu wamba, yonyamula matumba a chimanga, nkhuni, njinga ndi nkhuku, ngakhale kuti pamwamba pake pamakweranso alendo ochokera kunja. Koma chimene chimathandiza mlendo ku Civitavecchia si kukula kwa sitima. Chimamuthandiza ndi chakuti amadziwa zinthu zitatu asanaponde pamtunda: galimoto ili kuti, inyamuka nthawi yanji, ndipo alipira zingati. Zinthu zitatu zimenezi sizifuna chuma cha ku Ulaya.

Mfundo zitatu pa chingwe

Ulendo wochoka pa doko kupita ku Mzimba uli ngati chingwe cholumikiza patatu, ndipo chimaduka pa mfundo zake.

Mfundo yoyamba ili pa doko penipeni. Kwa zaka zambiri dongosolo la Ilala lakhala la ulendo umodzi pa sabata, kuchoka ku Monkey Bay kufika ku Chilumba ndi kubwerera, kotero kuti pa Nkhata Bay imaima kawiri, popita ndi pobwera. Nthawi yake yofikira siidalirika, ndipo zifukwa zake ndi zomveka. Pa malo ambiri sitimayo imaponya nangula patali ndi gombe, ndipo anthu ndi katundu amatsika ndi kukwera pa maboti, ntchito imene imatenga maora. M'miyezi yozizira mphepo ya mwera imautsa mafunde aakulu. Pa nkhani ya mphepo palibe munthu wanzeru amene angafune kuti woyendetsa sitima afulumizidwe. Pa 30 July, 1946, sitima ya Vipya inamira m'namondwe kufupi ndi Florence Bay, kumene lero kumatchedwa Chitimba, ndipo anthu 145 anataya miyoyo yawo. Chotero ngati pali chinthu choyenera kudikira chinzake, galimoto ndiyo iyenera kudikira sitima. Koma mmene zinthu zilili, sitima ikafika usiku munthu wa ana ndi akatundu amasankha pakati pa kugona pakhonde ndi kulipira mtengo uliwonse umene watuluka m'kamwa mwa woyendetsa galimoto.

Mfundo yachiwiri ili pa depoti ya Mzuzu. Pamenepo wapaulendo amatsitsa katundu wake yense, nafunafuna galimoto ina, nakangana ndi oitanira, nalipiranso katundu kachiwiri, ndipo akakhala pampando amadikira kuti galimotoyo idzaze. Maora amene apindulidwa ndi msewu wabwino amatayika pa depoti. Msewu wa Mzuzu ndi Nkhata Bay, umene kale unali wopapatiza ndi wokhotakhota moopsa, unakonzedwa ndi kukuzidwa ndi thandizo la African Development Bank, ndipo tsopano galimoto imatsika kapena kukwera pa ola limodzi lokha. Nkosautsa kuona munthu atayenda ola limodzi pa msewu wokongola, kenaka n'kukhala maora atatu m'galimoto yoima.

Mfundo yachitatu ili pa mphambano ya Mzimba ndi pa Jenda. Tauni ya Mzimba ili pambali pa msewu wa M1, ndipo mabasi akuluakulu ambiri oyenda pakati pa Mzuzu ndi Lilongwe salowa m'tauniyo. Wolowera ku boma amatsitsidwa pa mphambano, nayembekeza mwayi. Wa ku Embangweni akafika pa Jenda dzuwa litalowa, makamaka m'nyengo ya dzinja pamene misewu ya fumbi imasanduka matope, amagona pomwepo. Motero ulendo umene galimoto imodzi ikhoza kuutha m'maora ochepa umadya tsiku lathunthu, nthawi zina ndi usiku womwe.

Za bwalo la ndege

Mlendo wotsika pa Nkhata Bay amene akufuna kukakwera ndege ali ndi vuto lakelake. Bwalo la ndege la Mzuzu ndi laling'ono, lazunguliridwa ndi nyumba za mu mzinda, ndipo ndege zikuluzikulu sizitera pamenepo. Nyengo ya kumapiri nayonso ndi yovuta, pakuti nkhungu imatsika mosachenjeza. Dziko lonse linaona ichi mwachisoni pa 10 June, 2024, pamene ndege ya asilikali imene inanyamula Wachiwiri kwa Mtsogoleri wa dziko, Dr. Saulos Chilima, ndi anthu ena 8, pa ulendo wa ku maliro ku Nkhata Bay, inalephera kutera pa Mzuzu chifukwa cha nyengo yoipa, nigwa m'nkhalango ya Chikangawa, ndipo onse anamwalira. Achikulire a ku Mzimba amakumbukira kuti m'zaka za m'ma 1950 tindege ta mtundu wa Beaver ta kampani ya Central African Airways tinkatera pa boma lawo, koma imeneyo ndi mbiri chabe tsopano.

Chotero bwalo lenileni la wapaulendo wa kumpoto ndi la Kamuzu, limene linatsegulidwa mu 1983 pa Lumbadzi, kumpoto kwa mzinda wa Lilongwe. Kuchokera pa Nkhata Bay kudzera mu Mzuzu, Chikangawa, Jenda, Kasungu ndi Mponela, ndi mtunda woyandikira makilomita 400. Ilipo njira ina ya m'mphepete mwa nyanja, yodzera ku Chintheche, Dwangwa, Nkhotakota ndi Salima, koma njira imeneyo imadutsa mitsinje yambiri, ndipo m'zaka za mvula yochuluka yakhala ikuduka. M'chaka cha 2022 Boma linayambitsa ntchito yokonzanso msewu wa M1 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 300, ndi ndalama zochokera ku European Investment Bank ndi ku European Union, ndipo gawo lalikulu la ntchitoyo ndi lochokera pa bwalo la ndege lomwelo kufika pa mphambano ya Mzimba. Ntchito imeneyi iika boma la Mzimba pakati penipeni pa njira yolumikiza doko ndi bwalo la ndege.

Popeza nthawi ya sitima siidziwika bwino, mlendo wanzeru sayika ndege yake pa tsiku lomwelo limene akuyembekeza kutsika. Amasiya tsiku limodzi pakati, pakuti ndege siidikira munthu. Tsono tsiku limenelo ayenera kugona penapake, kudya penapake ndi kuona kanthu kena, ndipo pamenepa ndi pamene pali mwayi wa Mzimba. Bomali lili ndi phiri la Hora, pamene Angoni amachitira mwambo wa Umthetho m'mwezi wa August. Lili ndi gule wa ingoma, ndiponso vimbuza, amene bungwe la UNESCO linamuika pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a pa dziko lonse. Lili ndi tchalitchi chakale cha Loudon, ndi dziwe ndi nkhalango za Luwawa. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ngati palibe galimoto yodziwika yomulowetsa m'tauni ndi kumutulutsanso pa nthawi yake, adzaona Mzimba pa zenera la basi, ndipo ndalama zake zidzakatsikira kwina.

Chimene chitayika

Komabe mlendo wa kunja si ndiye mwini nkhani. Eni nkhani ndi anthu a m'dziko muno. Zilumba za Likoma ndi Chizumulu zili ndi nthaka yochepa ndipo zimadalira chakudya chochokera kumtunda. Midzi ya m'mphepete mwa mapiri monga Ruarwe ndi Usisya imadalira kwambiri njira ya pamadzi. Kumwera kwa Mzimba kuli chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere, anyezi ndi matimati, zimene aliyense wodutsa pa Jenda amaziona zitaunjikidwa m'mbali mwa msewu. Kunyanja kuli usipa ndi utaka zimene mabanja a kumtunda amazifuna pa ndiwo. Malonda amenewa amachitika ndithu, koma kuchedwa kulikonse ndi kutsitsa katundu kulikonse kumakweza mtengo, ndipo matimati sadikira galimoto kuti idzaze. Wolipira potsiriza ndi mlimi amene wagulitsa motchipa ndi mayi amene wagula modula.

Ena adzati sitima ndi chinthu chakale, ndipo popeza msewu wa m'mphepete mwa nyanja unatenga anthu ambiri, palibe chifukwa chovutikira ndi doko. Koma msewu sufika pa chilumba, ndipo katundu wolemera amayenda motsika mtengo pamadzi kusiyana ndi pa lole, chinthu chofunika m'dziko limene mafuta onse a galimoto limagula kunja. Enanso adzati mwini minibasi sangaimike galimoto yake usiku wonse kudikira sitima imene sadziwa nthawi yake. Mawu amenewa ndi oona, ndipo eni magalimoto sayenera kunyozedwa pofuna phindu. Koma masiku ano pafupifupi pa gombe lililonse pali foni ya m'manja. Sitima ikanyamuka pa Likoma kapena pa Usisya, nkotheka kudziwa pa Nkhata Bay, pa Mzuzu ndi pa Mzimba nthawi imene ifike. Chosowa ndi munthu amene wapatsidwa udindo wonena.

Zoyenera kuchitika

Choyamba, nthawi ya sitima ilengezedwe kumtunda monga imalengezedwa kunyanja. Masiku ake alembedwe pa ofesi ya Bwanamkubwa ku Mzimba, pa positi, pa depoti ndi pa msika wa Jenda, m'Chitumbuka, m'Chichewa ndi m'Chingerezi. Wailesi za m'maboma zilengeze pamene sitima yachedwa kapena pamene yaima kuti ikonzedwe, ndipo pakhale nambala imodzi ya foni imene munthu angaimbe kufunsa pamene sitima yafika.

Chachiwiri, makhonsolo a M'mbelwa, Nkhata Bay ndi Mzuzu akhale pansi pamodzi ndi eni magalimoto, napangane kuti pa masiku a sitima pazikhala galimoto yochoka pa doko kulunjika ku Mzimba ndi ku Jenda popanda kutsitsa anthu pa depoti ya Mzuzu, ndi ina yochoka ku Jenda kukakumana ndi sitima. Eni magalimoto azisinthana masiku kuti phindu ligawike. Masiku awiri pa sabata si katundu wolemera.

Chachitatu, mitengo ya ulendo ndi ya katundu ilembedwe poyera pa doko, ndipo izisinthidwa poyera pamene mafuta akwera. Mtengo wolembedwa umateteza wokwera ku chinyengo, umatetezanso woyendetsa woona mtima ku mbiri yoipa ya anzake.

Chachinayi, pa doko, pa mphambano ya Mzimba ndi pa Jenda pakhale malo odikirapo ofolera bwino, okhala ndi magetsi, madzi ndi zimbudzi, ndipo apolisi azioneka pamenepo usiku wa sitima. Mwana wa sukulu wamkazi amene akubwerera ku tchuthi sayenera kugona pakhonde la sitolo.

Zilipo ntchito zina zazikulu zimene zifuna chuma chambiri ndi nthawi yaitali: malo olimba okocheza sitima pa magombe onse, msewu wa Jenda ndi Edingeni umene anthu a kumwera kwa Mzimba aukamba zaka zambiri, bwalo la ndege loyenera Chigawo cha Kumpoto, ndiponso kufufuza ngati msewu wotsika pa Viphya kupita ku Chintheche ungabweze ndalama zake. Zimenezi n'zofunika ndipo siziyenera kuiwalika. Koma thumba la Boma lili ndi malire, ndipo sikwanzeru kukhala manja lende poyembekeza zazikulu pamene zazing'ono zili m'manja. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Mbali ya antchito a Boma ndi aphunzitsi

Zinthu zinayi zoyamba zija sizifuna lamulo latsopano la ku Nyumba ya Malamulo. Zifuna antchito a Boma amene saona udindo wawo ngati uthera pa malire a ofesi yawo. Kalaliki wa khonsolo akhoza kuwerenga kwa miyezi itatu anthu otsika pa doko ndi kumene akupita, kuti pokambirana ndi eni magalimoto pakhale chiwerengero chenicheni m'malo mwa nkhambakamwa. Mkulu wokonza zosamutsa antchito akhoza kuyang'ana masiku a sitima asanalembe tsiku limene munthu ayenera kuyamba ntchito pa malo atsopano. Mlangizi wa zaulimi akhoza kuuza makalabu a alimi tsiku limene katundu wawo ayenera kukhala atafika pa doko. Zonsezi ndi ntchito za pepala ndi pensulo.

Aphunzitsi nawo ali ndi gawo lawo. Mwana wa ku Edingeni amaphunzira mitsinje ya maiko akutali, koma kawirikawiri sadziwa kuti sitima imaima liti pa doko la chigawo chake, ngakhale njira imene usipa wa m'mbale mwake wayenda. Phunziro la mapu a kwawo, la mtunda, la nthawi ndi la mtengo wa ulendo ndi masamu enieni ndiponso ndi chiyambi cha malonda. Mphunzitsi wamkulu ndiye amene makolo amamufunsa za maulendo a ana, ndipo chikalata cha masiku a sitima chikapachikidwa pa khomo la ofesi yake chidzafika m'midzi imene nyuzipepala siifika.

Makolo a ku Mzimba ndi a kunyanja anatsegula njira ya pa Viphya ndi mapazi, atasenza katundu pamutu. Mbadwo uno walandira sitima, phula ndi foni, ndipo chimene chafunsidwa kwa iwo ndi chochepa poyerekeza ndi chimene anachita makolowo. Mutu umodzi susenza denga. Oyendetsa sitima, makhonsolo atatu, eni magalimoto ndi antchito a Boma akagwirizana pa tsiku, pa ora ndi pa mtengo, munthu wotsika pa Nkhata Bay adzagona kwawo ku Embangweni tsiku lomwelo, ndipo mlendo adzapeza ndege yake atadya nsima ya ku Mzimba.